Zovala za Sisi Melina Zikusowa

Lolemba, 11 Malichi

Siketi yobiriwira ya Sisi Melina mulibe m'wadiropu. Akuti ili kochapa. Kochapa kuti, madzi osatuluka m'dera lathu lonse la Mufakose chiyambire sabata yatha? Mkulu wanga weniweni kundinamiza ine!

Lachiwiri, 12 Malichi

Nsapato zawo zakutchalitchi nazo zapita. Ndimaganizira Pretty, walendi wa kuseriyu, koma phazi lake ndi lalikulu ngati la mwamuna.

M'mawa uliwonse Sisi amandiuza mmene tsiku liyendere: tidya chiyani, kubwera ndani, magetsi akazima titani. Anayamba kale, anesi atanena kuti ndili ndi otizimu, vuto londisokoneza zinthu zikasintha mwadzidzidzi. Lero angoti, "Tiona, Effie." Tiona! Mawu amenewa ndimadana nawo kwabasi. Tiyi wandikanika.

Lachitatu, 13 Malichi

Bulangete lamaluwa. Lapitanso.

Lachinayi, 14 Malichi

Ndawamva Sisi pafoni kuseri kwa chimbudzi, m'Chishona, akuti sanadziwebe. Ndani sanadziwe? Ine? Mwina tikusamuka, aliyense akudziwa kupatula ine. Ndafufuza katundu wa Mayi, ali momwemo. Ndiye n'chiyani? Ndalowa pansi pa tebulo, makutu nditatseka. Mayi akuti, "Wayambanso." Ee, ndayambanso, nanga nditani?

Lachisanu, 15 Malichi

Ndawatsekereza Sisi pakhomo. Ndati mundiuze, kaya n'zoipa, bola ndidziwe.

Alira. Ali ndi mimba ya Tendekai, woyendetsa minibasi ya kombi uja. Mawa akuthawira kwawo kwa Tendekai. Ashona amati kutizira: mkazi amapita osatsanzika, akuchimuna n'kubwera pambuyo kudzanena kuti mwana wanu ali kwathu. Akuchimunawo abwera Lamulungu. Zovala amatulutsa chimodzichimodzi kuti Mayi asaone.

Akuti amaopa kundipweteka. Kundipweteka! Sabata yonse ndadwala ndi kusadziwa komweko. Ndakwiya zedi. Ndikuopanso, adzandiuza ndani za tsiku? Koma madzulo ano ndadya, mbale yonse.

Andipempha ndisawauze Mayi. Ine bodza sinditha, akudziwa. Akuti, "Ungokhala chete."

Loweruka, 16 Malichi

Chikwama ndanyamula ndine mpaka pokwerera. Sisi andifinya mkono mwamphamvu, mmene ndimafunira, n'kuyamba, "Lero mudya..." Kenako akwera. Kombi yadzaza, yapita.

Kunyumba ndapeza Mayi akusesa. "Melina ali kuti?" Ine zii. Alowa kuchipinda kwathu, atsegula wadiropu, akhala pabedi tsache lili m'manja. Ndimayesa akalipa. Ayi. Andiyang'ana, nkhope ngati yanga ya Lachinayi.

"Ndiye titani, Effie?"

Ndati, "Choyamba tiyi. Masana tidya nyemba. Mawa kubwera akwawo kwa Tendekai. Magetsi akazima tiphikira panja."

Ati, "Bwerezanso."

Ndabwereza.