Mtenga wa m'nyumba mwathu

Lolemba, 3 Malichi

Ntchito yayamba ndisanasukusule n'komwe. Mayi: "Uwauze bambo ako kuti mpopi ukudontha." Bambowo ali pomwepo, akumanga nsapato. Ndatembenuka, ndawauza. Bambo: "Uwauze mayi ako kuti ndamva." Ndatembenukanso. Khosi langali lidzakalamba ine ndisanamalize sukulu.

Chichitikireni maliro a agogo chaka chatha, ndi momwemu. Bambo anafika titaika kale. Mayi sanafunse chifukwa, bambo sananene. Basi. Akuluakulu awiri, wina telala, wina dalaivala wa lole, onse pakamwa pabwinobwino, koma mawu awo mpaka adzere mwa ine.

Mlongo wanga Kaloza wakwanitsa zaka zitatu. Sananenepo mawu ndi amodzi omwe. Akafuna madzi, chala. Akafuna kunyamulidwa, chala. Dzinalo ndinamupatsa ndine, ndipo lamukhala.

Lachitatu, 5 Malichi

Kunabwera azakhali, katswiri wa matenda onse. Akuti anyamata amachedwa, ngakhale bambo ake anayamba kuyankhula ali ndi zaka zinayi. Ndinatsala pang'ono kunena kuti mpaka lero sanamalize kuphunzira. Ndameza.

Potsanzika: "Nyumba yanuyi ndi yamtendere, simumveka phokoso." Eya. Kumandanso sikumveka phokoso.

M'mimba mwawotchanso nthawi ya masamu. Ndinagoneka mutu pa desiki. Aphunzitsi akuti ulesi.

Loweruka, 8 Malichi

Chakudya cha masana, banja lonse pamodzi ngati pa chithunzi. Masupuni okha ndiwo amacheza. Kaloza amayang'ana mayi, kenako bambo, kenako ine, ngati akudikira kuti wina ayambe.

Nditatsuka mbale ndinakhala naye pakhonde. Ndinanyamula kapu. "Ka-pu. Nena." Anandiyang'anitsitsa pakamwa, n'kundigwira milomo ndi kachala kake, ngati akufuna kuona pamene mawuwo akutulukira. Ndinamuseka. Kenako ndinapita kubafa kukalira. Mpopi ukadadonthabe.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kuchipatala cha ana, ine ndi mayi. Namwino anaomba m'manja kumbuyo kwa Kaloza, iye n'kucheuka. Makutu bwino. Lilime bwino. Kenako funso: "Kunyumba amacheza naye ndani?" Mayi, osaphethira n'komwe: "Tonse." Tonse! Mwina akuwerengera makina osokera.

Namwino anati mwana amatola mawu kwa anthu amene akuyankhulana, ndiye Lachiwiri likubwerali abwere ndi bambo ake omwe. Ataona kuti ndagwira pamimba, ananditumiza kwa dokotala. Dokotala akuti mwina zilonda zikuyamba, ndichepetse maganizo. Zikomo adokotala. Ndikawasiya pati, pansi pa bedi?

Uthenga wa namwino kwa bambo ndakapereka ndine. Nanga ndaninso.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndanyanyala ntchito.

Mayi anati ndiwauze bambo kuti malaya awo ali pa chingwe. Ndinati, "Ali apowo, makutu ali nawo." Makina osokera anaima. Bambo anatsitsa wailesi. Ndinkadikira khofi, koma mayi anangoti ndayamba mwano, ndipo bambo anagwedeza mutu kuvomereza. Agwirizana chinthu chimodzi chaka chino: kuti ndine wamwano. Ndiyamikireni.

Malaya agona pa chingwe. Mvula yawachapanso.

Lamulungu, 16 Malichi

Apeza wondilowa m'malo. Mayi anapatsa Kaloza kiyi: "Kawapatse bambo ako." Mwana wosayankhula ndiye mtenga watsopano! Anaima pakati pa balaza, kiyi m'manja, osadziwa kolowera. Mapeto ake anamuponya m'ndowa ya madzi. Mwana wanzeru.

Mayeso akuyandikira. Ndawerenga tsamba lomwelo mpaka landiloweza ineyo.

Lachiwiri, 18 Malichi

Anapita onse awiri, ine pakati ngati mpanda. Namwino atafunsa za kunyumba, bambo anati kulibe vuto lililonse. Sindikudziwa chinandigwira. Ndinati, "Sayankhulana chimwalirireni agogo." Namwino anayika cholembera pansi. Mayi anayang'ana zenera, bambo nsapato zawo.

Titangolowa m'nyumba, zinaphulika. Mayi: "Mayi anga ndinawaika ndekha ngati ndilibe mwamuna!" Bambo akuti lole inafera panjira, anagona m'mbali mwa msewu, foni itazima. Mayi: "Ndiye osanena?" Bambo: "Unandifunsa?" Za chaka chonse zinatuluka, mpaka za ukwati wawo zimene ine sindinkazidziwa.

Ndinkafuna ayankhulane. Ayankhulana. Kaloza ndinamupeza pansi pa tebulo, atatseka makutu, kabudula atanyowa. Ndinalowa momwemo, ndinamufungata. 

Madzulo bambo analongedza chikwama. Akakhala kaye kwa mng'ono wawo. Mayi akuti ndasangalala tsopano?

Lachinayi, 3 Epulo

Sindinalembe. Panalibe choseketsa.

Bambo sanabwerere, koma amabwera akaweruka, chifukwa namwino anati azicheza ndi mwana tsiku lililonse. Amaima pakhomo la nyumba yawo yomwe n'kunena "Odi". Mayi amayankha okha, "Lowani." Dzulo anafika powafunsa ngati amwe tiyi. Nkhope zouma, koma mawu akudutsa. Mpopi uja bambo anakonza.

Amakhala pa mkeka ndi buku la zithunzi, bambo wamkulu ndi ndevu zake akuuwa ngati galu. Kaloza amagubuduka ndi kuseka. Tsopano amati "galu". Amatinso "ayi", ndipo ameneyo ndiye wamukonda: kusamba ayi, kugona ayi, azakhali ayi. Azakhali akuti ananena kale kuti anyamata amachedwa.

Ine ntchito inatha. Ndinkayesa ndisangalala. Koma ndaona kuti miyezi yonseyi ankandiitana pofuna kundituma basi. Uthenga utatha, dzina langa latheranso pomwepo. Ndimalowa, ndimadya, ndimamwa mapiritsi, ndimatuluka. Mayi akadandisungirabe mawu aja a kuchipatala.

Lero bambo akuvala nsapato kuti azipita, anaima. Anandiyang'ana ineyo, osati chitseko cha kumene kuli mayi. "Mwanawe, m'mimbamo muli bwanji masiku ano?"

Ndinati bwino. Anagwedeza mutu, anachedwa pang'ono pakhomo, kenako anapita.

Si bwino ayi. Mawa akafunsanso ndiwauza zoona.

Ngati afunsenso.