Bambo agulitsa makina a mayi chifukwa cha chidindo

Aphungu,

Ndikulemba ndili wokwiya, ndiye mukaona mawu ena akuthwa musadabwe, ndi mmene ndinabadwira. Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimagwira ntchito pa kashopu ka fotokope, kutaipa ndi kutumizira anthu makalata pa imelo. Vuto langa ndi bambo anga ondibereka. Lero ndi tsiku la 19 tisakuyankhulana, chonsecho tikukhala nyumba imodzi ndipo madzi osamba ndimawaikirabe ndine.

Bambowa anagwira ntchito m'boma zaka 31, m'chipinda chosungira mafayilo. Kwa iwo pepala lokhala ndi nambala pamwamba ndi chidindo pansi silinama. Munthu akhoza kunama, wailesi ikhoza kunama, ine mwana wawo ndiye akuti ndimanama ndikangotsegula pakamwa, koma chidindo ayi. Mpaka lero risiti ya sopo amaiboola pakona nkuimanga ndi kachingwe. Imelo ndinawatsegulira ndine chaka chatha kuti azilandirirapo uthenga wa penshoni. Ndikanadziwa ndikanangowasiya ndi maenvulopu awo.

Miyezi iwiri yapitayo kunabwera imelo ya Chingerezi, yati ikuchokera ku ofesi ya boma la dziko lina, yoona za chuma cha anthu amene amwalira popanda wolandira katundu wawo. Pamwamba mkango uku, chiwombankhanga uku, pansi chidindo chofiira psuu. Akuti m'bale wawo anamwalira kumeneko nkusiya nyumba ziwiri ndi ndalama kubanki, ndipo boma litafufuza lapeza kuti woyenera kulandira ndi bambo anga, munthu amene sanakwerepo ndege.

Tsoka lake m'bale wosowa tili naye ndithu. Bambo aakulu, achimwene awo a bambo, anapita kunja kukafuna ntchito ine ndisanabadwe. Analemba makalata atatu, kenako zii. Ndimangowadziwira pa chithunzi chimodzi chimene chili pabalaza, atavala jekete lalikulu ngati lobwereka. Bambo sawatchulatchula, koma chithunzicho amapukuta okha, wina asachikhudze.

Tsopano imvani pamene pakundiwawa. Kuntchito kwathu lamulo ndi lakuti pepala la kasitomala suwerenga. Anthu amabweretsa za kuchipatala, za kukhoti, makalata achibwenzi a amuna a eni, iwe kwako nkuika pagalasi, kudina, kupereka. Maso anga anazolowera, pepala ndimaliona ngati mbale yoti nditsuke. Bambo ankabwera Lachiwiri lililonse atamanga tayi, kutsegula imelo yawo ndi chala chimodzi, nkundiuza kuti ndiwasindikizire zimene zabwera. Mayankho awo ankalemba pamanja kunyumba, nkundipatsa atatembenuza, kuti ndingowaikira pagalasi paja nkulowetsa mu kompyuta. Akuti za penshoni. Chiphaso chawo, chithunzi chawo, siginecha yawo, zonse zinadutsa m'manja mwanga muno. Ndinkachita kuwaseka kuti penshoni yawoyi makalata achuluka kuposa ndalama.

Ndinadziwira pa makina osokera. Mayi anatisiya zaka zinayi zapitazo, ndipo asanamwalire ananena bambo ali pomwepo kuti makina awo opalasa ndi phazi ndi anga. Ndimasoka Loweruka masana, moti ndinali nditalandira kale nsalu za mayunifolomu a ana a anthu oyandikana nafe. Tsiku lina pochokera kuntchito ndinapeza pakona paja pali mbee, pangotsala mabanga anayi a miyendo pasimenti ndi kachitini ka singano. Mayi a nyumba yapafupi ndi amene anandinong'oneza kuti anaona telala wa kumsika akuwakweza pa wilibala, bambo akuthandizira kugwirira kuti asagwe.

Nditawafunsa, manyazi analibe nkomwe. Anatulutsa fayilo yabuluu, tsamba lililonse atalilemba nambala pakona, nkuyamba kundifotokozera ngati akuphunzitsa kalaliki watsopano. Akuti panafunika ndalama ya loya, kenako ya msonkho, kenako ya satifiketi yotsimikizira kuti chumacho si chakuba. Satifiketi yoti si chakuba, Aphungu, yochokera kwa akuba. Anamaliza ndi kundiuza kuti ndisatupe masaya, chuma chikafika andigulira makina a magetsi awiri.

Tsiku limenelo ndinangosungira. Lachiwiri lotsatira anabweranso ndi tayi yawo. Mu shopu munali anthu, abwana anga analiponso. Ndinatembenuza pepala, nditangoona chidindo chija pakamwa panamasuka pokha. Ndinawauza kuti chidindo chotere ndikhoza kuwapangira khumi asanamalize kukhosomola, kuti zaka 31 m'boma anangophunzirako kuboola mapepala, kuti ngakhale mwana wa sitandade 4 sangapusitsidwe chonchi. Ena anaseka. Bambo anasonkhanitsa mapepala awo pang'onopang'ono, nkungonena kuti, “Anthu amenewa ndi oyamba kundiuza kumene achimwene anga anathera. Iwe unayamba wandifunsapo za iwo?” Nkutuluka.

Chichokereni pamenepo sitipatsana ndi moni womwe. Makalata awo tsopano akukatumizira pa shopu ina ya tsidya lina la msewu, pafupi ndi pogulitsira mankhwala. Ndimawaona pawindo akuwoloka, fayilo ili m'khwapa, osacheuka.

Dzulo atapita ku msonkhano wa kutchalitchi ndinatenga fayiloyo nkukaikopa yonse. Ndangowerenga tsamba lapamwamba lokha, la kalata yongobwera kumene, enawo sindikufuna nkuwaona komwe. Akubawo tsopano akufuna mapepala a nyumba yathu, kuti bambo asaine zopereka mphamvu kwa loya wawo, atumizenso ndalama yomaliza pofika Lachisanu sabata yamawa. Ndayang'ana m'sutukesi mmene mapepala a nyumba amakhala, mulibe. Choti agulitse chatsala m'nyumbamo ndi nyumbayo.

Mnzanga wa kuntchito akuti ndikapepese. Ndipepese ine? Wagulitsa makina ndine? Ndikulingalira zongosamuka, ndikapeze kachipinda kanga, iwo atsale ndi mkango wawo. Koma nyumbayo mayi anavutika nayo, njerwa zina anasenza pamutu. Makope onse 14 ndawaika pamodzi ndi kalatayi. Ndiuzeni chochita, koma zoti mwana sakalipira kholo musandiuze, ndazimva kale mokwanira.

T.N., m'tauni

Mwana wanga T.N.,

Ndawerenga kalata yako, ndawerenganso masamba 14 amene iwe wakopa osawerenga. Aka nkachiwiri, mwanawe. Mapepala omwewo adutsanso m'manja mwako maso ali kumbali, ndiye usafulumire kugawa mayina a uchitsiru.

Pa zoti ndi akuba, sunalakwitse. Ofesi ya boma sisaka wolandira chuma cha masiye pa imelo. Silembera pa adiresi yaulere imene aliyense angatsegule, situmizitsa ndalama pa foni ku dzina la munthu, siopseza ndi Lachisanu, ndiponso siuza munthu kuti abise nkhani kwa ana ake monga achitira pa tsamba 7. Ukauzidwa kuti uyambe walipira kuti ulandire chuma, dziwa kuti chumacho ndiwe. Za makinanso bambo ako analakwa. Anali ako, ndipo tsiku lina ayenera kuzivomereza ndi pakamwa pawo.

Koma masiku 19 akowo apindula nawo ndani? Panopa padziko lonse amene akuyankhula ndi bambo ako mwaulemu, kuwatchula olemekezeka, kuwayankha kalata iliyonse, ndi akuba okha. Iwe unawachotsa pa shopu pamene ukanatha kuona zimene akutumiza, nkuwakankhira tsidya lina la msewu. Ukasamuka ndiye kuti wawasiyira akubawo makiyi.

Tsegula makope akowo. Pa tsamba loyamba palibe dzina la bambo ako aakulu, pangolembedwa kuti m'bale wanu. Tsamba lachiwiri ndi lachitatu ndi kalata ya bambo ako. Atchulamo dzina lonse, chaka chimene anachokera, chipsera cha pachibwano, ndi zoti ankachita chibwibwi. Pa tsamba lachinayi akubawo angobweza zonsezo ngati azipeza okha m'mabuku a boma. M'kalata yoyamba ija bambo ako za ndalama sanafunse nkamodzi komwe. Anafunsa kuti achimwene awo anaikidwa kuti, ndiponso ngati panali wina pafupi pamene ankatsirizika. Funso limeneli alibwereza kasanu mufayilomu, ndipo silinayankhidwepo.

Ndiye chita izi lero, osati mawa. Pita ukakhale pansi, upepese chifukwa cha malo amene unayankhulira ndi mawu amene unasankha. Sindikuti upepese chifukwa chonena zoona. Kuchititsa manyazi munthu wamkulu pamaso pa abwana ako ndi mlandu pawokha, ndipo umenewo ndi wako. Ukatero uwapemphe fayilo, unene kuti, “Bambo, mafayilo mumawadziwa ndinu. Tandionetsani, dzina la bambo aakulu layamba kuoneka pa tsamba liti, ndipo walemba ndani?” Kenako tseka pakamwa, ngakhale ndikudziwa kuti kwa iwe ndi ntchito yolemetsa. Munthu amene wasunga mafayilo zaka 31 aona yekha. Akaona, mawu oti ndinkanena ine uwameze.

Mapepala a nyumba usawabe, uwafunse kumene ali. Asasaine chilichonse. Ngati makope ake anatumizidwa kale, mupitire limodzi ku ofesi yoona za malo mukanene, kuti wina asadzabwere ndi pepala labodza. Mukadziwitsenso kubanki ndi ku kampani ya foni kuti chiphaso ndi siginecha zili m'manja mwa akuba, musinthe manambala onse achinsinsi, a imelo omwe. Fayiloyo mupite nayo kupolisi. Umawaseka kuti amangodziwa kuboola mapepala, koma anthu ambiri oberedwa chonchi amafika kumeneko chimanjamanja, pamene bambo ako asunga umboni wonse mwandondomeko, ndi manambala omwe. Uwauze zimenezo, akufunika kuzimva.

Kwa telala upite wekha, ndi ulemu, chifukwa iye sanabe. Mugwirizane zowombola makinawo pang'onopang'ono, ndipo umupemphe kuti Loweruka uzikasokerako mayunifolomu aja, eni ake asanayambe kukufunsa.

Chenjezo langa ndi ili. Ndalama zimene zapita mwina sizibwerera, zimenezo muvomereze. Mukangosiya kuyankha, kubwera imelo ina kapena foni, yati ndi apolisi akunja kapena ofesi ina ya boma, agwira akubawo ndipo akubwezerani zanu mukalipira kangachepe. Ndi omwewo, angosintha chidindo. Musayankhe, ngakhale kuwatukwana, ndipo apa ndikunena iweyo. Ngati bambo akufunadi kudziwa za achimwene awo, alipo mabungwe othandiza kufufuza abale osowa osalipiritsa, ndipo poyambira ndi maadiresi a pa makalata atatu aja, amene ndikukhulupirira kuti ali mufayilo ina m'nyumba momwemo.

Akakatseka fayilo yabuluuyo usanyamuke msanga. Munthuyo akhala atataya achimwene ake kachiwiri, ndipo ulendo uno adziwa kuti palibe angamuuze za manda. Uwapemphe atsitse chithunzi chija okha, uwafunse kuti jekete limene lija linali la ndani.

Aphungu