Tsiku Limene Ndinawabisira Ababa

12 Disembala, Lachinayi

Ababa adzuka bwino. Phala theka la mbale, mankhwala amwa popanda mkangano. Dzanja lamanzere likadali lolemera chiwagwirireni sitiroko ija. Masiku sakuwadziwanso, dzina langa amalipeza mwa apo ndi apo. Koma wailesi ya aneba itangoyamba nyimbo za Khirisimasi, adzutsa mutu ngati wina wawaitana. Zaka makumi anayi akuimba besi m'kwaya, mpaka anthu anaiwala dzina lawo n'kumangoti a Besi. Andifunsa kuti kwatsala masiku angati. Ndayankha kuti mapiritsi atsala a sabata ziwiri. Ndikudziwa bwinobwino zimene amafunsa.

Mashini ikudumphanso ulusi. Masiketi atatu a ukwati akudikira.

15 Disembala, Lamulungu

Ku mpingo. Tinalipo anthu osakwana makumi awiri m'kalasi muja timabwereka, pamabenchi a ana, maondo kufika m'chibwano. Akulu a mpingo abwereza phunziro la chaka chilichonse. Baibulo silitchula tsiku limene Ambuye anabadwa. Aroma akale anali ndi madyerero awo mwezi uno, kudya, kumwa, kupatsana mphatso, ndipo pa 25 ankalemekeza mulungu wawo wa dzuwa. Akuti kenako Akhristu anangotola tsikulo n'kulisintha dzina. Ine monga telala ndimazimva msanga. Diresi lobedwa ungalisinthe mabatani, mwini wake amalizindikirabe.

Chaka chachitatu chino ndisakuchita nawo Khirisimasi. Zaka ziwiri zapitazi zinali zosavuta, Ababa anali kwa achimwene. Tsopano ali m'nyumba mwanga, poti alamu anayamba ntchito ndipo ine ndimasokera pakhomo.

Anthu a m'kalasi muja ndi amene anandigwira dzanja banja langa litatha, ena onse akungondiloza ndi milomo. Ndinalonjeza pobatizidwa, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse.

18 Disembala, Lachitatu

Aneba abwera ndi nsalu yoyera, akufuna mikanjo isanu ya angelo, ya sewero la ana kutchalitchi kwawo, komwe Ababa ankaimba. Ndakana mwaulemu. Aseka, amvekere, “Inu ndiye mwapsa nacho chikhristu, mpaka angelo ayende osavala.” Ndaseka nawo, nanga n'kutani.

Akutuluka, Ababa awaitana. Awafunsa ngati kwaya yayamba kukonzekera, ndani akuimba besi masiku ano, kodi amapuma pamalo oyenera. Acheza nthawi yaitali kuposa mmene amachezera ndi ine sabata yathunthu. Zandipweteka, ndisaname. Wowasambitsa ndine, wowatembenuza ndine, koma kumwetulira alandira ndi aneba.

21 Disembala, Loweruka

Foni ya achimwene. Amafuna abwere pa 24 ndi alamu ndi ana, pa 25 tiwakankhe Ababa pa njinga yawo ya olumala mpaka kutchalitchi chawo chakale akamve kwaya. Kuwatengera kwawo sangathe, adokotala analetsa ulendo wautali wa basi. Ndakana. Ndati m'nyumba mwanga muno tsiku limenelo ndi Lachitatu basi. Abwere pa 28, Loweruka, tidye limodzi ngati banja, chakudyacho tisachipatse dzina lililonse.

Takangana mpaka foni kutentha kukhutu. Pokhala mphunzitsi wa mbiri yakale, sakanalephera kundiika m'kalasi. Akuti ngakhale akatswiri sagwirizana, ena amati tsikulo anachita kuwerengera miyezi isanu ndi inayi kuchokera mu Malichi, za dzuwazo n'kutheka zinangokumana nalo panjira. Akutinso ngakhale zitakhala zoona, Ababa sanaimbirepo dzuwa. “Zaka zonse zija ukuganiza kuti ankaimbira ndani?” Ndati kusadziwa sikuyeretsa chinthu. Ndati masiku atatu okha, achimwene, n'chiyani.

Agonja, koma andipempha chinthu chimodzi. Pa 25 ndiwauze Ababa kuti tsiku lakwana, ndiwaveke jekete, ndiwatsegulire wailesi. Akuti sakundipempha kuti ndiimbe. Ndangoti ndamva.

Mutu woumawu ndinatengera kwa Ababa omwewo, asadandaule.

23 Disembala, Lolemba

Andiuza ndisite jekete yawo yakuda. Ndasita, kusita si tchimo. Ikulendewera kuseri kwa chitseko, akungoiyang'ana. Tsiku lonse akuyeserera mbali yawo pansipansi. Mawu a nyimbo anathawa kalekale, koma kayendedwe kake katsala konse, ndipo pamene ena amayenera kulowa iwo amaima, kudikira, chala m'mwamba. Malo amenewo ankalowa ndi malemu amayi akamaphika.

Pokagula zipi ndadzera ku shopu ya akulu a mpingo. Ndawapeza akukhoma chidendene cha nsapato, timisomali pamlomo. Ndawafunsa ngati kumuuza wodwala tsiku ndi kumutsegulira wailesi n'kuchita nawo. Ndimayembekezera kuti andiletsa, ndipo ndikanapepukidwa. Alavula timisomalito m'dzanja n'kunena kuti, “Mlongo, bambo anu ndi bambo anu. Izi n'za chikumbumtima chanu, ine sindingakulamulireni.”

Ndiye palibe wondiletsa. Ndatsala ndekha ndi mutu wangawu.

25 Disembala, Lachitatu

Mabelu kuyambira m'mawa. Ndatseka mawindo onse, ndati kunja kuli fumbi. Masiketi ndinamaliza dzulo, komabe ndapalasa mashini m'mawa wonse, kulumikiza tizigamba topanda ntchito, bola phokoso.

Cha m'ma 11 ndapita ndi tiyi. Ndawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, jekete atavala mkono umodzi, winawo ukulendewera kumsana. Mmene afikira kuchitseko okha sindikudziwa. Thukuta pamphumi. “Mwana wanga, kodi si lero?”

Ndati ayi, Ababa, ndi Loweruka, tsiku lobwera achimwene. Afunsa za mabelu. Ndati akungoyeserera. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako agwedeza mutu, ati ndiye ndiwavule jeketeyo isakwinyike. Ndawavula. Anyamula okha dzanja lodwalalo ndi linzake kuti andithandize.

Ndikanati eya, sizikanathera pa wailesi. Akanayamba besi yawo, n'kuima pamalo paja chala m'mwamba, ndipo ine ndikanalowa. Ndikudzidziwa. Si Aroma amene ndimaopa, ndimaopa pakamwa pangapa. Ndiye poteteza choonadi ndanama kawiri tiyi asanazizire.

Achimwene aimba foni masana, sindinayankhe. Ndalemba uthenga kuti Ababa agona.

26 Disembala, Lachinayi

Adya pang'ono, koma ali osangalala. Afunsa kuti kwatsala angati, ndati awiri, awerenga pa zala, ati si ambiri. Apempha madzi ofunda, akuti akusunga mmero. Lero sanaimbe n'komwe, akuti munthu sawononga mawu tsiku lisanafike.

Ndaganiza. Loweruka si tsiku la dzuwa la aliyense. Akadzayamba, ndidzalowa. Mpunga ndagula, nkhuku aneba andisungira mufiriji mwawo. Mtima wakhala pansi pang'ono.

27 Disembala, Lachisanu

Ndinawapeza m'mawa pakamwa patapotoka, maso otsegula. Galimoto ya amuna awo a aneba. Benchi ya kuchipatala, maola asanu. Namwino anandipatsa wotchi yawo ndi mano awo oikirira m'kapepala.

Ababa atisiya nthawi ya 3 koloko masana.

2 Januwale, Lachinayi

Sindinathe kulemba. Achimwene anafika pa 28 monga tinapangana, tsiku lake lomwelo, basi yake yomweyo. M'chikwama cha ana munali masokosi ndi mpango, zokutidwa bwino m'pepala lonyezimira, zolembedwa kuti agogo. Palibe amene anakumbukira kuzitulutsamo.

Tinaika Lolemba. A kwaya anabwera onse, ena ndi ndodo, ena ochita kugwiridwa mkono. A mpingo wanga anabweranso, anatsuka mbale, ananyamula mipando, sanalankhule chilichonse chokhumudwitsa munthu. Mayi wina wa mpingo wathuwo anandinong'oneza kuti ndine chitsanzo, ndaima nji pa nthawi yovuta. Ndinathawira kubafa.

Adokotala akuti sitiroko yachiwiri imabwera nthawi iliyonse, palibe chimene ndikanachita. Ndikuwakhulupirira. Sindinawaphe Ababa. Chimene ndinachita n'china, ndipo dzina lake sindikulipeza.

Masiku onsewa ndakhala ndikudikira kuti achimwene andikumbutse mawu anga a masiku atatu aja. Sanatero. Akanandikalipira mwina ndikanapumako.

4 Januwale, Loweruka

Achimwene anyamuka lero m'mawa. Alamu ndi ana anatsogola kukagwira malo m'basi, ife tinatsala m'chipinda cha Ababa tikupinda zovala. Malaya asanu, mathalauza atatu, nsapato zimene sanavale chaka chathunthu. Chipinda chikununkhabe mafuta awo opaka.

Achimwene anakhala pabedi, osandiyang'ana. Anati pali chinthu chimene chakhala chikuwasowetsa tulo, koma amaopa kufunsa. “Pa 25 paja, unawauza?”

Ndinati ndinawauza.

“Anaimba?”

Ndinati anaimba. Ndinawonjezanso kuti mawu anatuluka bwino, ngati kale. Sindikudziwa kuti zimenezo zinachokera kuti, zinangotuluka zokha, zosalala.

Analira, koyamba chifikireni. Bambo wamkulu, imvi m'mutu, mapewa akugwedezeka. Anati ndiye basi, mtima wawo wagona, Ababa apita atalandira chawo. Anati akawauza ana, akawauzanso a kwaya. Kenako anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. “Zikomo, chemwali. Ndikudziwa kuti kwa iwe sizinali zapafupi.”

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndinawanyamulira chikwama. Pokwera basi anathokozanso kachiwiri, pamaso pa ana. Ndipo ine ndinayankha kuti musadandaule, achimwene, anali bambo anga nanenso.