Mayi Orlena Caudill ndi Nyimbo Yawo ya Nyemba

Kwa Bambo Hershel Caudill, ana, adzukulu, ndi onse okonda nyimbo zauzimu m'mapiri muno a Kentucky,

Ife a Bungwe la Oimba Nyimbo Zauzimu a ku Laurel Fork talandira ndi mitima yosweka uthenga wa imfa ya Mayi Orlena Caudill, amene anatisiya Lachiwiri lapitali atadwala kwa nthawi yochepa. Tikulemba misozi ili m'maso, komanso, tisabise, tili ndi kunyada kwakukulu kuti mayi wotere anali wathu. Tikufunanso kuyankha funso limene ambiri mwakhala mukutifunsa, lakuti kodi nyimbo yawo yothokoza idzamvekanso, pakuti mwambo wathu mukuudziwa: woimba timamuperekeza ndi nyimbo yake banja likalola, ndipo banja likakana, nyimboyo timaiika m'manda pamodzi ndi mwini wake, osaiimbanso pamisonkhano yathu.

Mayi Caudill anatumikira bungwe lino kuyambira ali mtsikana, bambo awo akadali kugwira ntchito mumgodi wa malasha. Anaimba mawu a alito m'gulu la anthu anayi limene linatchukitsa chigwa chathu, anaphunzitsa oimba ambirimbiri kumvetsera anzawo asanatsegule pakamwa, ndipo pamasiku oimba tsiku lonse, tikayala chakudya pansi pa mitengo ya kutchalitchi, mkate wawo wa chimanga unkayamba kuchepa abusa asanamalize pemphero. Sanali munthu wonyengerera. Ine ndemwe, wapampando wathunthu, anandiuzapo pagulu kuti, "Mbale Delmer, Mulungu si wogontha ayi. Tsitsaniko mawuwo timveko anzanu."

Koma chimene tidzawakumbukire nacho koposa ndi nyimbo imene anapeka madzi osefukira atakokolola nyumba ndi munda wawo. Atabwerera pabwinjapo anapeza nyemba zamera m'matope, ndipo anayamba kuthokoza: chifukwa cha nyembazo, chifukwa cha galu wawo amene anapulumukira padenga la khola, ndiponso chifukwa cha mwamuna wawo wamakani amene anakana kukwera bwato lopulumutsa anthu mpaka mkazi wake atakwera. Ndi nyimbo yopanda zokometsera, gitala imodzi ndi mawu anayi basi. Oimba amazungulira maikolofoni imodzi, ndipo ikafika ndime ya munthu, atatu enawo amabwerera m'mbuyo iye n'kusendera kutsogolo. Akamaliza, onse amaweramitsa mitu pamodzi n'kuimba zikomo, mawu anayi aja n'kumveka ngati a munthu mmodzi. Ndamvapo nyimbo zambiri zaluso kuposa imeneyi, koma sindinamvepo ina yoliritsa amuna a mumgodi ngati iyo.

Nditapita kukapepesa maliro, ndinapeza Bambo Caudill pakhonde, khofi atawazizirira m'kapu. Zimene tinakambirana ndikuzilemba pano iwo atandilola.

"Mwabwerera nyimbo ija, eti?" anatero.

"Ndabwerera inuyo, achimwene. Komanso nyimboyo, sindinama."

"Ndiye mukufuna ndikakhale pafupi ndi bokosi la mkazi wanga, inu muli zikomo, zikomo? Zikomo wa chani? Mulungu wandilanda munthu, ndiye ndizimuthokozanso?"

Sindinayerekeze kuwalalikira. Ndinangonena kuti akalola, tapeza mayi wina wa mawu abwino woti akaimbe ndime ya malemu.

"Wina? Pamalo pa Orlena? A Delmer, mutu wanu ukuyenda bwinobwino koma? Akanakhalapo mwiniwake akanakuthirani khofi ameneyu."

Anatembenukira kumunda. Kenako anati, "Nditaipha nyimbo imeneyi, mayi amene uja sangandipatse moni kumwambako. Kaimbeni. Koma pamalo pakepo musaikepo munthu. Ikafika ndime yake, bwererani m'mbuyo ngati masiku onse, gitala izingolira yokha. Ndikufuna anthu amveko zimene ndikumva ine m'nyumba muno."

Chotero tikudziwitsa onse kuti nyimbo ya nyemba yapulumuka, ndipo Loweruka, pamwambo wa maliro m'tchalitchi cha Laurel Fork, idzaimbidwa ndi anthu atatu. Tikudziwa kuti ndime ya Mayi Caudill nonse mumaidziwa pamtima, ndipo tikudziwanso kuti anthu a kuno sachedwa kuthandiza woimba akasowa mawu, koma tikukupemphani mwaulemu kuti patsikulo mudzagwire pakamwa osaimba ndimeyo, pakuti malowo ali ndi mwini wake.

M'malo mwa atsogoleri ndi mamembala onse a bungwe lino, tikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa ana, adzukulu ndi abale onse, ndipo tikupempha Mulungu amene mayi wanu anamuimbira moyo wawo wonse kuti akupatseni mphamvu m'masiku owawa ano. Kwa inu Bambo Caudill, sitikukukakamizani kunena zikomo mtima usanafune. Tizikunenerani ifeyo, mpaka tsiku limene mudzathe kunena nokha.

Ine wanu wolira nanu,

Delmer Whitaker
Wapampando, Bungwe la Oimba Nyimbo Zauzimu a ku Laurel Fork