Feston Akuti Kamu Tumolo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Miyendo ija inaleka kutupa? Ife kuno tilipo, kungoti kukhalapo kwake n'kongokakamiza.

Ndiyambe ndi zabwino poti n'zochepa. Mdzukulu wanu Chrissy anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Kulira kwake ndi inu ndithu mukamayambitsa nyimbo ku kwaya ya amayi. Nandolo amene munadzala kuseri kwa nyumba anabereka, ndinapeza ndowa ziwiri. Mapeyala okha ndiwo anayoyoka ndi chiperoni asanakhwime.

Koma kalatayi ndikulembera ku Milonde, m'khitchini mwa amayi aang'ono, momwe tikugona anthu anayi. M'nyumba ya kampani ija, imene munaisesa zaka makumi atatu, tinatuluka Lachiwiri lapitali.

Mukukumbukira mmene munkasekera kuti Chingerezi chanu chonse ndi liwu limodzi, kamu? Munkati mzungu ndi waulesi pakamwa, liwu limodzi amaligwiritsa ntchito paliponse ngati chitenje cha mmphawi. Kamu hiya kunali kukuitanani ku sikelo m'dengu mwanu mukapezeka masamba okhwima. Kamu oni anali kapitawo kukufulumizitsani pamzere wa tiyi, msana utauma. Kamu ini, ija yolowetsa munthu mu ofesi, inu siinakufikenipo. Munkangoimvera pawindo akuuza anthu ovala nsapato. Matipate atabwera, pamipando ina panakhala akuda anzathu, inu n'kumati mwina tsopano tiziitanidwa m'chilankhulo chathu. Ayi ndithu, liwulo analipeza pampando ndipo analitola.

Ndiye munalumbira kuti mwana wanu mmodzi adzakhala kuseri kwa tebulo. Munasankha mlongo wanga Feston, poti ndi mwamuna. Ine munandichotsa mu Sitandade 6 kuti ndizikuthandizani kuthyola tiyi, iye aphunzire. Sindinakuuzenipo muli moyo, lero ndinena: zinandiwawa, Amayi, ndipo zikundiwawabe.

Lamulo la pa esiteti mukulidziwa. Wogwira ntchito akamwalira, nyumba imabwerera ku kampani, pokhapokha wina wa m'banjamo atalembedwa ntchito yokhazikika. Ine zaka zonsezi ndine waganyu, woitanidwa nthawi ya mvula basi. Tsono amene amalemba mayina opita kwa manejala ndi kalaliki wa chigawo chathu, Feston wanu yemweyo. Ndinapita ku ofesi mtima uli m'malo, ndikuti sukulu ija lero itibwezera.

Ndinagogoda. Pabenchi panali anthu angapo. Feston anadzutsa mutu, kundiyang'ana ngati sitinayamwe bere limodzi, n'kunena kuti, "Kamu tumolo." Ndiye kuti ndibwere mawa, Amayi, imeneyo mwina simunaimvepo.

Ndinati, "Iwe Feston, ndine Esnati. Chizungu n'chachiyani?"

Iye anati, "Mayi, muno ndi mu ofesi."

Mayi! Ine amene ndinkamubereka kumbuyo inu muli m'munda wa tiyi, akundikodzera pamsana. Anthu pabenchi paja anangozolika, ena kumaseka chamumtima. Ndinatuluka manyazi atandigwira mpaka kumapazi.

Komabe ndinabwerera mawa lake, ndi mkuja wake, chifukwa munkati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha kasanu. Tsiku lililonse kamu yomweyo, kungosintha chakumapeto: lero tumolo, mawa kamu baki, kuti ndibwerenso. Ndinaphunzira Chingerezi chambiri pakhomo limenelo kuposa kusukulu. Maso a nkhonoyo sindinawaone. Chimene ndinaona ndi mlonda wa kampani atabwera ndi kalata yoti tituluke, pansi pake pali siginecha ya Feston, imene inu munaigula ndi zala zanu.

Tsiku losamuka Feston anabwera yekha kudzatenga makiyi. Panja pa ofesi Chichewa chinamubwerera. Anati, "Achemwali, mundimvetse. Ndikanalemba dzina lanu akanati ndikukondera abale, ntchito ikanandithera." Ananena misozi ili m'maso, ndipo ndisaname, mtima wanga unayamba kufewa. Ndinaganiza kuti mwina mwanayu akuopadi, poti ntchito masiku ano n'zosowa. Ndinamupatsa makiyi, mpaka ndinamufunsa za chifuwa cha mwana wake.

Tisanamalize kumanga mphasa panjinga, panatulukira ngolo yodzaza katundu, mipando, matilesi, nkhuku zili m'dengu. Amene anatsika anali achimwene a mkazi wake wa Feston, aja a ku Chinakanaka amene anayamba ntchito chaka chatha chomwechi. Anandipatsa moni mwaulemu kwambiri, n'kundifunsa ngati denga limadontha. Ndinawauza zoona, kuti limadontha pakona ya kuchipinda, aziikapo beseni. Feston anali atatembenukira kuphiri.

Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Sindikutsutsani, Amayi, inu ndi aakulu. Ndikungokuuzani zimene ndinaona ndi maso angawa.

Ndimakukondani, ngakhale munandisankhira dengu. Ndipo ndikulonjezani chinthu chimodzi: Feston sindimutemberera, chifukwa ndi wanu. Koma zoti tikakumana pamsewu ndimupatse moni, zimenezo musandipemphe, ngakhale kutulo.

Ndine mwana wanu woyamba,
Esnati