Mphakati Ubwera Kwathu

Lamulungu, 9 Febuluwale

Lero ba Hilda, apampando a mphakati wathu, alengeza kuti Lamulungu likubwerali mapemphero adzachitikira kwathu. Kwathu! Ndayankha "zikomo" mwaulemu ngati munthu wozolowera, koma mtima unali thi thi thi. Chilowereni kagulu aka ka Akatolika a mbali yathu ya Kanyama, takhala tikuzungulira m'nyumba za anzathu, yathu inali isanafikidwe.

Nditafika ndawauza Atate. Anali pabedi, wailesi pachifuwa, mpira uli m'kati. Aizimitsa. Atate kuzimitsa mpira, chibadwire sindinaonepo.

"Onse?"

"Onse, Atate."

"Osati awiri aja a sopo?"

Ndaseka mpaka kugwira khoma. A sopo ndi amayi a komiti yoyendera odwala. Chiwadulireni mwendo chaka chatha chifukwa cha matenda a shuga, Atate sanapondeko kutchalitchi, njira zathu zamiyalazi njinga ya olumala siyenda. Ndiye mwezi ndi mwezi amayi awiri amabwera ndi sopo ndi paketi ya shuga (shuga, kwa munthu wa shuga!) n'kuwapempherera atawaimirira kumutu. Atate amathokoza bwinobwino. Alendo akangotuluka, iwo amatembenukira kukhoma. Munthu woti anaimba besi m'kwaya ubwana wanga wonse.

Koma mphakati ndi nkhani ina. Mwini nyumba ndiye amalandira anthu pakhomo, ndiye amatsegula ndi pemphero.

"Ameneyo ndi ine," atero Atate, akudziloza pamtima. "Iwe Ndaona ndiwe mwana chabe pano."

Mwana wa imvi m'mutu. Chabwino, bwana.

Lolemba, 10 Febuluwale

M'mawa ndikukazinga zitumbuwa pakhomo, ndangomva mawu akutuluka pawindo. Atate akuyesa kukhosi. Poyamba ngati geti la dzimbiri, kenako mawu aja atseguka, besi yeniyeni ija yomwe inkanjenjemeretsa mabenchi. Ndapezeka ndikuvomera, chipande m'manja.

Mayi wina wodzagula waima ndi pulasitiki yake osachoka. Akuti, "Muli na maliro olo ni ukwati?" Ndati palibe, ndi Lolemba chabe.

Zitumbuwa zina zapserera. Sindikudandaula ngakhale pang'ono. Ambuye, kukoma kotereku mumakubisa m'tinthu tating'ono bwanji? Utsi wa mbaula m'maso, mafuta akuthetheka, ine mtima uli mbee.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Nkhondo ya malaya. Akufuna oyera aja a kwaya, omwe khosi lake linayamba kuyoyoka. Ndati valani abuluu, ndi atsopano. Akuti abuluu ndi a kuchipatala. Ndagonja.

Ndiye buluku. Mwendo wopanda kanthuwo ndimaupinda n'kuumanga ndi pini, iwo akuti pini ikuonekera, ndisoke mkati. Andiyesetsa katatu ngati telala wa mkwati. Kenako ndevu. Kenako akufunsa ngati makapu akwanira, ngati ndabwereka benchi kwa ba Chisala oyandikana nafe, ngati ndikudziwa kuti tiyi wa alendo sathira madzi ambiri monga ndimachitira ine.

Nkhalamba iyi yanditopetsa lero. Ndimaikonda zedi.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Mvula. Kuyambira m'mawa, osapumira.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Kanyama wamira monga mwa chaka chilichonse. Madzi alowera pansi pa chitseko, ndadzuka n'kuponda m'dziwe. Patapata mmodzi ndamupeza kukhitchini akuyandama yekha.

Ba Chisala abwera ndi mabuloko pa wilibala, takweza bedi Atate ali pomwepo. Iwo kumangolamula ali m'mwamba: kwezani uku, mwapendeketsa, mundigwetsa inu. Ba Chisala akuti, "Ba Dingani, manje mwankala monga mfumu." Atate akuti anali mfumu kale, ife ndi amene tachedwa kuzindikira.

Tsiku lonse kukapa madzi ndi chidebe. Msana!

Madzulo foni ya ba Hilda. Ndatuluka nayo panja.

"Ba Ndaona, manzi yapaka maningi kwanu uko. Bakulu-bakulu sibangakwanise kuyenda mu matika. Tizachitila kwanga, kuli ko kouma. Kuli ba Tate tizatuma ba komiti."

Madzi achuluka, okalamba sangayende m'matope, ndiye kwathu kubwere ba komiti. Ndangoti "chabwino". Ndalowa, Atate akufunsa kuti anali ndani. Ndati wa zitumbuwa.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Bodza langa silinagone n'komwe. M'mawa Atate akuti, "Wa zitumbuwa uja amatuma komiti?" Windo lija lilibe galasi limodzi, ndinaiwala.

Ndawauza zonse. Amvetsera, agwedeza mutu. "Akunena zoona. Anthu angadwale." Basi. Apempha kuti ndiwathandize kugona, atembenukira kukhoma. Wailesi osayatsa. Phala adya masipuni owerengeka.

Lero pawindo sipanatuluke kanthu. Ndakazinga zitumbuwa mwakachetechete ngati ndikuba.

Ndakwiya, ndipo ndalankhula ndi Mulungu mosakongoletsa. Ndati Inu, mvula ndi yanu, Kanyama ndi wanu, nkhalambayi ndi yanu. Mwendo munalola kuti upite, sitinakufunseni mafunso. Tsiku limodzi lokha lomwe munthu amafuna kukhala mwini nyumba, nalonso likokoloke? Ndatha kulankhula, ndachita manyazi, ndapepesa pang'ono. Pang'ono pokha.

Loweruka, 15 Febuluwale

Ndavala majombo a ba Chisala, ndapita kukantemba ka ba Hilda kogulitsira ndiwo kumsewu. Popita ndinakonza mawu ambiri akuthwa. Ndawapeza akupanga tomato m'milu, maso ofiira, mdzukulu wawo wagona ndi malungo. Mawu anga onse athawa.

Anena zomveka. Madzi a m'njira asakanikirana ndi a m'zimbudzi, chaka chatha kolera anatenga anthu, mu mphakati muli okalamba ndi oyamwitsa. Ndikanakhala wapampando ndine, mwina ndikananena zomwezo.

Ndangoti, "Ba Hilda, Atate safuna kupemphereredwa. Afuna kulandira anthu. Chaka chonse aliyense wolowa m'nyumba muja amabwera kudzawamvera chisoni."

Atembenuza tomato m'manja. Kenako akuti, "Namvela, mwana wanga. Koma siningakakamize muntu. Tizaona mailo." Mailo ndi mawa, koma tizaona ya ba Hilda ndimaidziwa, nthawi zambiri ndi ayi wovala chitenje.

Kunyumba ndapeza zodabwitsa. Atate akhala tsonga, adzipesa okha.

"Makala alipo? Sita malaya aja."

"Atate, sanalonjeze."

"Ndamva. Akapanda kubwera tidzapemphera awiri. Iwe si munthu? Ndidzakulandira iweyo."

Ndasita malaya misozi ikugwera pansalu, simbi n'kumaumitsa. Sindikudziwa kuti chachitika n'chiyani kukhoma kuja dzulo, sanandiuze ndipo sindinafunse. Koma m'nyumba mwapepuka. Madzulo tayatsa wailesi, timu yawo yagonja, ailalatira mokondwa.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Ndilembe zonse ndisanaiwale, ngakhale sindikuona kuti ndingaiwale.

Mvula inaleka m'bandakucha. Ku Misa ndinapita ndekha, ba Hilda ndinangowaonera patali. Pobwera ndinakolopa matope m'nyumba, ndinayala benchi, ndinatereka madzi a tiyi mumphika waukulu, ndikudziseka ndekha kuti tiyi yenseyu timwa awiri mpaka Pasaka. Panja njira yonse inali phala lakuda lofika m'akakolo.

Atate anati ndiwakhazike pampando pakhomo penipeni. Malaya oyera, ndevu zometa, manja pabondo. Nthawi ya mphakati inakwana. Inapitirira. Kunkangodutsa ana ndi agalu. Ine ndinkalowa ndi kutuluka, kusuntha makapu omwe ndinali nditasuntha kale.

"Khala pansi," anatero Atate. "Tiyambe."

Ndinakhala pabenchi ndekhandekha. Anandiyang'ana ngati mlendo wochokera kutali n'kunena kuti, "Takulandirani, mayi. Khalani omasuka." Ndinafuna kuseka, koma ndinangowerama. Tinachita chizindikiro cha mtanda.

Tisanapitirire, ba Chisala anakuwa ali pakhomo pawo: "Ba Dingani! Onani ku njila!"

Anali kubwera mondondozana m'mbali mwa mpanda, nsapato m'manja, zitenje atakwinya mpaka m'mawondo. Kutsogolo ba Hilda, Baibulo atalikulunga m'pulasitiki n'kulisenza pamutu. Si onse ayi. Okalamba ndi a makanda anatsala, ndipo anachita bwino. Koma anali okwanira kudzaza nyumba yathu, ena n'kuima.

Anafika pakhomo n'kuima, akuyang'ana miyendo yawo, akuyang'ana simenti yomwe ndinakolopa. Matope mpaka m'misongolo. Palibe ankafuna kuyamba kulowa.

Atate anati, "Ndaona, madzi a tiyi aja. Sakaniza ndi ozizira, uthire klorini. Bweretsa beseni, jagi ndi thaulo. Ikanso buloko apa."

Ndinaganiza kuti aliyense adzisambitsa yekha. Ndikupereka jagi kwa ba Hilda, Atate anailanda. Anapinda manja a malaya, anawerama pampando paja mpaka ndinaopa kuti agwa, n'kuloza buloko.

"Pondani apa, mayi."

"Iyayi ba Tate, imwe? Sivingachitike!" Ba Hilda anabwerera m'mbuyo, dzanja pakamwa.

"Pano ndi pakhomo panga. Mwayenda m'matope chifukwa cha ine. Pondani."

Anaponda. Atate anathira madzi pang'onopang'ono, akuchotsa matope ndi dzanja lawo pakati pa zala, n'kupukuta. Ba Hilda ankangoyang'ana kumwamba. Wotsatira. Wotsatira. Ine ntchito yanga inali kukataya madzi a m'beseni kungalande ndi kudzazanso jagi. Malaya oyera aja anasanduka a mawangamawanga, mwini wake osalabadira, akufunsa aliyense dzina ndi kwawo, akuseka ba Chisala, omwe nawonso anabwera, kuti zikhadabo zawo zikufunika sowo. Wina m'nyumba anayambitsa nyimbo chapansipansi, ena anavomera. Chimwemwe chomwe ndinamva pamenepo sindinachimvepo ngakhale pa Misa ya Khirisimasi. Chinkachita kuwawa m'chifuwa.

Onse atalowa ndinatola beseni kuti ndikataye komaliza. Pobwera ndinafuna kudutsa, Atate ananditchinga ndi mkono.

"Iwe ukupita kuti ndi miyendo imeneyo?"

Ndinayang'ana pansi. Maulendo a kungalande aja anandidetsa kuposa alendo.

"Atate, ine ndidzisambitsa ndekha."

"Chaka chonse wandisambitsa iwe. Ponda apa."

Ndinaponda. Madzi anali akadali ofunda. Dzanja lawo linagwira chidendene changa chong'alukachi mosamala ngati dzira, ndipo anthu m'nyumba anapitiriza kuimba, akutidikira.