Madontho Awiri pa Kabureta ya Itay

Lolemba, 11 Febuluwale

Ndavundukula galimoto ya Itay, bambo anga. Chaka chathunthu pansi pa lona. Fumbi, zitosi za nalimata, korona wawo akadali lende pa galasi. Chimwalirire bambo palibe anailiza. Inay, mayi anga, analetsa, ati maliro asanathe munthu asaikhudze.

Dzulo pa chakudya achimwene anga, Kuya Renato, anabwera ndi nkhani. Bwana wina wa ku Manila wosonkhanitsa magalimoto akale akuifuna. Ya 1976, penti yake yomweyo. Ndinaponya supuni. Inay osadzutsa n'komwe mutu: "Pa 23 tikuvula zakuda. Ikandinyamula mpaka ku manda a bambo anu, ili ndi mapepala ake, ikhala ya Luz. Ikalephera, Renato agulitse. Ndatha."

Mapepala adatha kalekale. Atsopano sapereka isanakhoze mayeso a utsi. Masiku khumi ndi awiri. Ine Luz, telala wa madiresi. Zomwe ndikudziwa n'zomwe ndinkaona ndili mwana, nditawagwirira Itay tochi, Inay ataima poteropo ndi khofi wawo.

Batire ndabwereka kwa aneba. Yalira kachitatu. Utsi bii, nkhuku zonse balala.

Lachitatu, 13 Febuluwale

Petulo wogona chaka, fungo ngati vanishi. Ndakhuthula thanki yonse. Mapulagi atsopano, sefa ya mpweya yatsopano. Diresi ya ukwati ya eni ake ikundidikira pa makina, koma ndi manja awa sindingaikhudze.

Kumayeso. Mang Isko, bambo woyeza utsi, analowetsa kachitsulo kake mu ekizozi, kuyang'ana nambala, kuliza mluzu. "Ay, Luz, iyi ikumwa kuposa alendo a pa phwando la fiesta. Petulo wachuluka, mpweya wachepa. Ukamange pang'ono sikuluwu ya pa kabureta." Yalephera.

Pageti bambo wina wa chipewa, pondilemekeza ngati achemwali ake, anandinong'oneza: "Ate, mukudzivutitsiranji? Pepala limatuluka galimoto ili kunyumba." Anthu amenewa Itay akawaona ankalavula pansi. Ine nambala yake ndatenga. Manyazi bwanji.

Loweruka, 16 Febuluwale

Ndamanga sikuluwu ija. Kwambiri, poti mantha. Utsi wasiya, koma injini ikunjenjemera ngati munthu wa malungo. Pamzere yazima kawiri, anyamata a majipu, maminibasi a kuno, kuseka.

Yalepheranso. Mang Isko akuti tsopano ndaimana chakudya, moto ukudumpha, petulo akutuluka wosapsa. Nambala ina yatsika, ina yakwera. "Nkhani ili pakati," akutero. Pakati pati? Sakudziwa, iye ndi wa makina basi.

Ndazungulira amakaniko awiri muno mu Lipa. Woyamba akuti kabureta adaiwala, masiku ano n'zamakompyuta. Winayo akuti ndibwere mu Malichi. Malichi!

Kufika kunyumba, Kuya ali ndi tepi, akuyeza galaja. Akuti muzikhala njinga zake zamoto. "Bunso, singano ndi sikuludiraiva n'zosiyana." Zaka 44 akunditchulabe Bunso, chitsirizira, ngati ndikadali pa thewera. Ndinamuuza achotse tepiyo ndisanamusokere nayo pakamwa.

Lachiwiri, 19 Febuluwale

Lamlungu sindinapite ku Misa. Ndinangokhala m'galimoto. Mpando ukadanunkhira mafuta a m'mutu a Itay. Ndinaimbira wa chipewa uja, itangolira kamodzi ndinadula. Itay, pepani.

Lero ndimatsuka kabureta ndi mswachi wakale. Litsiro litachoka, pamutu pa sikuluwu pali mzere wokanda ndi msomali. Pambali pake madontho awiri a penti ya zikhadabo. Lina lofiira, lina la pinki. Atalikirana pang'ono, osafika theka la mzungulo.

Ndakumbuka mawu a Itay: "Tseka mofatsa, tsegula kawiri." Ndatero. Mzere wagwera pakati pa madontho aja.

Ndayamba ndi lofiira. Ikulira, koma mouma, mosakondwa. Ndasunthira pa la pinki. Mayo ine! Kulira kwake komwe kuja, komwe kunkatidzutsa Lamlungu lililonse. Itay atalowa pageti sindikanadabwa.

Inay amasankha mpunga pakhonde. Anasiya lichero, kulowa kuchipinda, chitseko gwa. Madzulo sanadye.

Pa pinki ndiye pamalo pake. Sindikukayika.

Lachinayi, 21 Febuluwale

Dzulo lonse pa diresi ya eni ake, zala nditazikwecha ndi mandimu. Yapita.

Lero kumayeso, pa pinki. Yalephera. Mang Isko anandionetsa ndi zala: yatsala kangachepe chonchi. Sanaseke ulendo uno, ndiye zinandiwawa kuposa akanaseka.

Mawa tsiku lomaliza, Loweruka ofesi ya mapepala satsegula. Kuya wanditumizira chithunzi cha lole yonyamula magalimoto, ati yabwera kale ku Tanauan, tauni ya pafupi pano, ikungodikira. Munthu ameneyu tinabadwadi mimba imodzi?

Ndaswa kapu potsuka mbale. Inay akupukuta tebulo, osandiyang'ana: "Ika pa lofiira. Uyambe waithamangitsa mumsewu waukulu, ikafike kumayesoko ili yotentha."

Za madontho sindinauze munthu. Ndipo Inay sindinawaonepo atagwira ngakhale sipanala. Ndafunsa kuti mwadziwa bwanji, angoti mpunga watsala ndiuvundikire.

Lachisanu, 22 Febuluwale

Pa lofiira. Mumsewu waukulu ulendo wa theka la ola, phazi pansi. Kufika, osaizimitsa. Kachitsulo mu ekizozi. Ine maso tseke, ndikupemphera mosokoneza mapemphero atatu.

Yakhoza! Nambala zonse ziwiri! Mang Isko kumenya pa denga la galimoto: "Wapita nayo kwa sing'anga uti?"

Ku ofesi maola anayi pamzere, njala osaimva. Mapepala m'manja itatsala pang'ono kukwana folo. Nambala ya wa chipewa ndafufuta ndili pomwepo.

Maluwa, makandulo, nyama ya adobo, kutsuka galimoto, kusita diresi yachikasu ya Inay yoti akavale akavula yakuda. Kuya waona mapepala, wangoti "Hm." Ndatopa. Pali china chake ndaiwala, sichikubwera.

Loweruka, 23 Febuluwale

Ndilembe ndisanaiwale.

Misa itatha, ulendo wa ku manda. Inay kumbuyo, zakuda komaliza. Azakhali awiri, mapoto atatu. Kuya pambuyo pathu ndi galimoto yake, abale ena mbwee.

Pakati pa chitunda cha ku manda njinga yamoto yonyamula anthu inaima kutsogolo. Nane ndinaima. Ponyamuka, kutsokomola kawiri, zii. Ndaliza. Yalira. Kuponda, zii. Kachitatu chimodzimodzi. Geti la manda ndikuliona apo, mitanda yoyera ikuoneka. Mahutala kumbuyo. Thukuta mpaka m'maso.

Kuya pawindo, foni ili kale m'manja: "Pangano linali mpaka ku manda, Bunso. Pano si ku manda."

Ndinangogwira chiwongolero.

Chitseko chakumbuyo kutseguka. Inay atsika, ndi nsapato zawo za ku tchalitchi, pamsewu. "Tsegula boneti, chitsiru iwe. Lofiira n'la anthu a makina, tsiku limodzi pa chaka. Sunabwezere?"

Ndicho ndinaiwala.

Ndaika mwala ku tayala, ndailiza, sikuludiraiva m'manja. Ndimati ndiyang'ane dontho, iwo akuti ndisiye kuyang'ana. Anaika chikhato pa chitsulo cha galimoto, natseka maso. "Bambo ako makutu adawathera ku fakitale. Iwo ankatembenuza, ine ndinkamvetsera. Zaka makumi anayi. Umati ndimadzangopereka khofi? Tembenuza."

Ndatembenuza. "Pang'ono." Ndatembenuza. "Pang'ononso. Wapitirira, bwerera. Basi."

Kuyang'ana, mzere uli ndendende pa la pinki. Iwo maso akadali otseka, chikhato osachotsa, misozi ikutsikira pa kolala. Wa hutala kumbuyo anasiya kuliza. Kuya anayang'ana foni yake, naibweza m'thumba. Mwala wa ku tayala anachotsa ndi iye.

Yakwera chitunda chonse osatsokomola, mapoto ndi azakhali omwe.

Pamanda, makandulo atayaka, Inay anagogoda mwala ndi chala ngati chitseko. "Doming, ndabwera pa galimoto yako. Mwana wakoyu manja ali nawo, koma makutu watengera iwe."

Pobwerera anakhala kutsogolo, atavala yachikasu, mkono pawindo. Akuti la pinki layamba kufufutika, mawa tilipakenso. Ndati penti yamtundu umenewo tikaipeza kuti pano. Atsegula chikwama. Kabotolo kakale, kouma theka, kokulunga mu mpango wa Itay.

Anali nako m'chikwama chichokere kunyumba m'mawa.